Ndinafafaniza Nyimbo za Msuweni Wanga ku Katete: Musanaike Linux, Mverani Izi

Sabata ino tipumeko pa nkhani za woyimba amene wathawa mkazi, kapena uja amene anabwereka galimoto ya mnzake kuti aonekere pa video. Lero mlandu uli pa ine. Ndinaupalamula kwathu ku Katete mwezi wa Ogasiti, ndipo chikhala kuti amene ndinamulakwira si msuweni wanga, sembe nkhaniyi mukuiwerenga pa peji ya za kukhoti.

Ndinapita kukalemba za Kulamba. Mudziwa kale kuti mwambowu umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, pamene Achewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Nditamaliza nchito, zithunzi za Gule nditazitumiza ku ofesi, ndinatsikira pa Katete Stores kukaona mwana wa amalume. Mnyamatayu ali ndi kantemba ka kompyuta. Amataipa ma CV ndi makalata ofunsira nchito, amapulinta, ndipo Loweruka amaliza nyimbo pa maukwati ndi ma kitchen party mpaka ku Sinda. Zonsezi amachitira pa laputopu imodzi ya salaula imene anagula ku Lusaka. Laputopuyo ndiyo munda wake, ndiyo ng'ombe yake.

Ndinamupeza atagwira tsaya. Makina ankatenga nthawi yoti mungaphike tiyi n'kumwa asanayake bwino. Windows yake inali yija ya pamsika, yopanda laisensi, ndipo inali itayamba kumukumbutsa zimenezo tsiku lililonse. Choipa kwambiri, flash iliyonse ya kasitomala ikalowa inkatuluka ndi matenda aja a shortcut, amene amabisa mafailo onse n'kusiya timivi chabe. Aphunzitsi ena anali atamukalipira kale pagulu chifukwa ma lesson plan awo a temu yonse anasowa.

“Asuweni, imwe a ku tauni mudziwa vonse,” anatero. “Nichite bwanji lomba? Ndalama ya ina nilibe.”

Ine, ndi miyezi itatu chabe ya kusewenzetsa Linux pa laputopu yanga, ndinatukumula chifuwa. “Iyi ni nkhani ing'ono maningi. Pofika mailo izakhala monga yatsopano.”

Sungani mawu amenewo, tibwererakonso.

Kodi Linux ndiye chani?

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse, imene azungu amati operating system. Ambiri timadziwa Windows chabe chifukwa ndi imene tinaipeza m'ma cafe ndi kusukulu. Linux ndi ina mwa mapulogalamu otere. Inayamba mu 1991 ndi mwana wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, ali ndi zaka 21. Kusiyana kwake n'kwakuti ndi ya open source: mmene inalembedwera muli poyera, aliyense angaione, kuikonza ndi kuigawira mnzake popanda kulipira laisensi. Kukopera mnzako Linux pa flash si kuba. Eni ake amafuna zimenezo.

Musaganize kuti ndi chinthu chachilendo. Ngati muli ndi foni ya Android m'thumba, pansi pake pali Linux. Mtundu wake wodziwika kwambiri pa makompyuta, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe ife timati umunthu. Ngakhale kuno kwathu, bungwe la Camara Education, lomwe linayambira ku Dublin ndipo limapereka makompyuta okonzedwanso m'masukulu a mu Zambia, lakhala likuika Ubuntu pa makina otere. Mwina ena mwa inu munaphunzira Computer Studies pa Linux osadziwa.

Nanga n'chifukwa chani tikukamba izi manje? Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kutumiza ma update a chitetezo a Windows 10, kupatula kwa amene alembetsa kuti awonjezeredwe chaka chimodzi mpaka Okutobala 2026. Windows 11 nayo siilowa pa makina aliwonse. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel kuyambira 8th generation kupita kutsogolo. Manje yang'anani malaputopu amene ali m'makomboni mwathu, amene timagula ku Kamwala kapena kutumiziridwa ndi achibale ku Johannesburg. Ambiri sakwanitsa zimenezo. Makinawo si akufa ayi. Kiyibodi ikusewenza, sikirini ili bwino. Chasowa ndi pulogalamu yopepuka imene ikulandirabe ma update.

Sankhani molingana ndi makina anu

Apa ndi pamene oyamba kumene amasokonezeka. Linux siimodzi. Ili mitundu yambirimbiri, imene amati ma distro, ndipo aliyense amene mungamufunse amatamanda wake monga ochemerera mpira. Ine ndikupatsani njira yachidule.

Choyamba dziwani RAM ya laputopu yanu. Pa Windows 10 dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, muona nambala yake. Ngati muli ndi 4GB kapena kuposa, tengani Linux Mint ya Cinnamon. Ili ndi menyu pansi kumanzere monga Windows, moti ngakhale amayi anu sangasochere. Ngati muli ndi 2GB chabe, tengani Mint ya Xfce kapena Lubuntu, zomwe n'zopepuka. Eni ake a Mint amati 2GB ya RAM ndi 20GB pa disiki n'zokwanira kuyambira, koma 4GB ndiye mumapuma bwino. Ubuntu weniweni ndi wabwino, koma ndi wolemerako, ndipo failo yake yoikira ndi pafupifupi 6GB pamene ya Mint ili pafupifupi 3GB. Amene amagula bundle ndi ndalama yake amva kusiyana kwake.

Mint 22 inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo izilandira ma update mpaka 2029. Ngati mwasankha Ubuntu, onani kuti pali zilembo za LTS. Umenewo ndi mtundu umene umatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo umasamalidwa zaka 5. Ngati makina anu ndi akale zedi, aja a 32-bit, Mint yatsopano siilowa. Pamenepo funani antiX.

Ndipo anyamata, ndikupemphani, siyani Kali Linux. Ndidziwa munaiona mu filimu, munthu atavala hudi akutaipa mumdima. Imeneyo ndi ya akatswiri oyesa chitetezo cha makompyuta, si yolembera assignment. Arch nayo isiyeni kaye. Munthu sayamba kuphunzira njinga pa mtsetse wa phiri la Mphangwe.

Laputopu ya msuweni inali ndi 4GB, choncho tinasankha Mint ya Cinnamon. Failo ndinali nayo kale pa foni, ndinaitenga pa tsamba lenileni la Mint usiku pamene ma bundle amatsika mtengo. Musatenge failo imeneyi pa ma link a m'magulu a WhatsApp. Simudziwa amene waigwira.

Lawani musanagule

Chokoma cha Linux n'chakuti mungaiyese osakhudza chilichonse cha pa laputopu. Mufunika flash ya 8GB yopanda kanthu, chifukwa zonse zili mmenemo zifafanizika. Pa Windows ikani kapulogalamu kotchedwa Rufus kapena balenaEtcher, kamene kamalemba failo ija pa flash kuti kompyuta ithe kuyakirapo. Kungokopera failo pa flash monga nyimbo sikusewenza.

Mukatero zimitsani laputopu, lowetsani flash, yatsani, ndipo nthawi yomweyo dinani batani la boot menu mobwerezabwereza. Pa HP nthawi zambiri ndi F9 kapena Esc, pa Dell ndi Lenovo ndi F12. Sankhani dzina la flash yanu. Pakapita kanthawi Mint iyaka yonse, ikuyendera pa flash, Windows yanu ili phee mkati osakhudzidwa.

Apa musathamange. Yesani zonse: Wi-Fi ikugwira? Mawu akutuluka? Kamera? Pulinta? Lowetsani flash ija ya matenda a shortcut, muone. Ifeyo titatero, mafailo a aphunzitsi aja anaonekera onse, ali bwinobwino. Kachilomboko kanalembedwera Windows, pa Linux sikayenda, ndipo zimene kanabisa zimaoneka poyera. Tinafafaniza timivi tija, n'kubweza ma lesson plan m'malo mwake. Msuweni anaimirira n'kuvina pang'ono. “Asuweni, ikani! Ikani lomba lino!”

Apa ndi pamene ndinafunika kunena kuti dikira.

Batani limene linandigwetsa

Poika Mint pamafika peji yofunsa kuti muiike bwanji. Nthawi zambiri pamakhala zosankha zitatu: “Install alongside Windows”, kutanthauza kuti ziwirizo zikhale pamodzi muzisankha poyatsa, “Erase disk and install Linux Mint”, ndi “Something else”, ya amene adziwa kugawa disiki pamanja. Pa laputopu ya msuweni yoyambayo siinaoneke. Zimachitika ngati Windows inaikidwa mwa njira yakale ya Legacy koma flash mwaiyatsa mwa njira ya UEFI, kapenanso ngati Windows siinazime kwenikweni. Panthawiyo sindinadziwe zimenezo.

Ndinamufunsa kuti nyimbo zake zili kuti. Anati zili pa D, Windows ili pa C. Mumtima ndinati basi, “Erase disk” ifafaniza C yokha, D ikhala. Panatuluka chenjezo, ndinaliwerenga monga mmene timawerengera mameseji a ma promotion. Ndinadina Continue.

Anzanga, mverani bwino apa, chifukwa nkhani yonse ya lero ndi imeneyi. Pa malaputopu ambiri C ndi D si madisiki awiri. Ndi disiki imodzi yogawidwa pakati, monga nyumba imodzi ya zipinda ziwiri. “Erase disk” siisesa chipinda chimodzi. Imagwetsa nyumba yonse.

Patapita mphindi makumi awiri Mint inayaka, yokongola, yachangu. Msuweni anatsegula mafoda. “Nanga D ili kuti?”

Ndinafufuza. Ndinafufuzanso. Thukuta linayamba kutsika ngakhale kunali kamphepo ka madzulo.

Nyimbo za oyimba otchuka sizinandidetse nkhawa kwambiri, zimenezo munthu angazipezenso. Koma pa D panali ma CV a makasitomala amene amabwera kudzangosintha deti. Panali zithunzi za ukwati wake. Panalinso nyimbo za anyamata a konkuno ku Katete ndi ku Sinda, aja ojambulira m'chipinda chotchinga ndi matiresi, amene anamupatsa kuti aziwalizira pa maukwati. Ena mafoni anataya kale, studio inatsekedwa, kope lokhalo linali pa laputopu imeneyi. Ine amene ndimalemba sabata ndi sabata kuti tisunge nyimbo zathu, ndinazifafaniza ndi chala chimodzi. Ndipo Loweruka lotsatira anali ndi ukwati woti akalize, ndalama atalandira kale theka.

Sanakalipe. Anangokhala pa benchi n'kunena motsitsa, “Asuweni, mwanipha.” Kukalipa kukanakhala bwino. Amalume atamva madzulo anangoti safunsa anadya phula, n'kupitiriza kudya nsima yawo.

Mmene tinapulumutsira zina

Ngati zimenezi zakuchitikirani, chinthu choyamba zimitsani laputopu. Musaikemo chilichonse, musatsegule intaneti, musakoperemo failo. Disiki ikafafanizidwa mwa njira imeneyi, mafailo ambiri amakhala akalimo, chimene chachoka ndi ndandanda yosonyeza pamene ali. Chilichonse chatsopano chimene mulemba chimakhala pamwamba pa akalewo, ndipo apo ndiye apita.

Tinabwereka hard drive yakunja kwa mnzake wojambula ma video. Tinayatsanso laputopu kuchokera pa flash ija, n'kuika pulogalamu yaulere ya testdisk, imene imabwera ndi inzake yotchedwa PhotoRec. Imeneyi imayenda pa disiki yonse kutola chilichonse chooneka ngati nyimbo, chithunzi kapena kalata, n'kuchiika pa hard drive ina. Musaike zimene yatola pa disiki yomweyo imene mukupulumutsa. Inatenga usiku wonse, ife tikupemphera kuti malaiti asapite. Mwayi wathu unali wakuti laputopuyo ili ndi hard disk yakale ija yozungulira. Pa SSD zofafanizidwa nthawi zambiri sizibwerera.

M'mawa tinapeza zambiri zabwerera, koma PhotoRec siibweza maina kapena mafoda. Failo iliyonse inali ndi dzina monga f ndi manambala ambirimbiri. Nyimbo za oyimba akuluakulu zinali ndi maina obisika mkati, VLC inkawaonetsa. Za anyamata a kwathu zinalibe. Ndinasintha tikiti ya basi, ndipo masiku atatu tinakhala m'kantemba kumvetsera imodziimodzi, iye akutchula mwini wake, ine ndikutaipa dzina. Zina zinabwerera zoduka pakati. Zina sizinabwerere n'komwe, pamodzi ndi gawo la zithunzi za ukwati. Mulamu wanga mpaka lero akandiona amayamba wafunsa ngati ndabwera ndi flash.

Choncho lamulo loyamba, lachiwiri ndi lachitatu ndi limodzi: musanaike Linux, koperani zonse zofunika pa hard drive ina kapena pa flash ina, muichotse pa laputopu, muiike m'thumba. Tsegulani mafailo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti alowadi. Ndipo musayambe kuika ngati batire ndi yakufa pamene simudziwa nthawi imene malaiti apite. Magetsi akazima disiki ili pakati pogawidwa, mungataye zonse ngakhale munasankha bwino. Ngati mufuna kusunga Windows pambali, zimitsani Fast Startup mu Power Options, ndipo ngati disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker, sungani kiyi yake kapena muimasule kaye. Mukaona kuti “alongside” palibe, imani. Bwererani, funsani.

Timavuto ta sabata yoyamba

Mukaika bwino, pali tinthu tingapo timene timavutitsa pafupifupi aliyense woyamba. Palibe koopsa.

Wi-Fi kusaoneka ndiye vuto lofala. Malaputopu ena akale ali ndi kadi ya Wi-Fi imene imafuna driver yapadera, makamaka a Broadcom. Manje mungatenge bwanji driver popanda intaneti? Lumikizani foni ya Android ndi chingwe, pitani pa Hotspot mu Settings, yatsani USB tethering. Laputopu ilandira intaneti ya pa foni nthawi yomweyo. Tsegulani Driver Manager, sankhani imene yalembedwa kuti recommended, yatsaninso makina.

Chachiwiri ndi password. Mukatsegula Terminal, kawindo kakuda kaja, n'kulemba lamulo loyamba ndi sudo, imafunsa password. Mukamataipa sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi. Msuweni anandiimbira foni kuti kiyibodi yafa. Siinafe. Ndi mmene anapangira kuti wokuonererani kumbuyo asawerenge zilembo. Taipani, dinani Enter.

Chachitatu, nyimbo kapena ma video ena kukana kulira. Poika Mint pali kabokosi ka “Install multimedia codecs”. Ngati munakadumpha, muipeza mu menyu pansi pa Sound & Video. Ikaninso VLC.

Chachinayi, mafailo a .exe sasewenza kuno. Mapulogalamu amatengedwa mu Software Manager, monga Play Store ya pa foni. Ubwino wake, chizolowezi chija chotenga ma setup osadziwika pa flash ya mnzako chimatha, ndipo matenda ambiri amalowera kumeneko. Koma dziwani kuti Linux ingasunge failo ya kachilombo osadwala, n'kuipatsira wa Windows. Failo yachilendo pa flash ya kasitomala musamaikopere chisawawa.

Chachisanu ndi cha amene asunga Windows ndi Linux pamodzi, monga ine pa laputopu ya nchito. Mukachoka ku Linux kupita ku Windows, wotchi imatsalira maola awiri. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kuchedwa pa press briefing ya 14 hours chifukwa laputopu inkati ikali 12. Chifukwa chake n'chakuti Linux imasunga nthawi ya UTC m'wotchi ya makina, pamene Windows imayesa kuti imeneyo ndi nthawi ya kuno, ndipo Zambia ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Mu Terminal lembani timedatectl set-local-rtc 1, konzani wotchi kamodzi, yatha.

Chachisanu n'chimodzi ndi makalata. Mint imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula mafailo a Word ndi Excel. Koma posunga imasankha .odt, ndipo wolandira angadabwe. Sankhani .docx posunga. CV kapena kalata yofunsira nchito itumizeni ngati PDF, pali batani lake pamwamba pomwepo. PDF siisintha maonekedwe kulikonse kumene yapita. Pulinta zambiri Mint imazizindikira yokha mukalumikiza chingwe, koma yesani yanu mukali pa flash, musanaike. Ngati bizinesi yanu ndi kupulinta, pulinta ikakana nkhani yathera pomwepo.

Pomaliza, tsiku loyamba lomwelo tsegulani Timeshift. Imajambula mmene system ilili, kuti mukaononga china mawa mubwerere pa dzulo. Koma siisunga nyimbo ndi zithunzi zanu pokhapokha mutaiuza, choncho siilowa m'malo mwa hard drive ija. Kachishango kali pansi kumanja ndi ka ma update, kadineni mukakhala ndi bundle yokwanira. Mukafuna thandizo kwa odziwa, musangoti “yakana”. Jambulani uthenga umene watuluka, nenani mtundu wa laputopu ndi Mint imene mwaika. Ndipo lamulo limene simulimvetsa musalikopere mu Terminal chifukwa chakuti munthu wina pa TikTok wati limathamangitsa makina. Lililonse lokhala ndi rm -rf likhoza kukuchitani zimene ndinachita msuweni wanga, popanda ngakhale chenjezo.

Si ya aliyense

Ndisakunamizeni monga otsatsa mankhwala a m'basi. Walira mvula walira matope. Ngati ndinu producer ndipo moyo wanu uli pa FL Studio, dziwani kuti ilibe mtundu wa Linux. Chimodzimodzi Photoshop, CorelDRAW, VirtualDJ, Serato ndi rekordbox. Ena amakakamiza zina mwa izi kudzera pa pulogalamu ya Wine, koma zimenezo si za munthu woyamba amene kasitomala wamuimirira pakhomo. Zolowa m'malo zilipo ndipo n'zaulere: Mixxx ya ma DJ, Audacity yodulira mawu, LMMS yopangira ma beat, GIMP ya zithunzi, Inkscape ya ma poster, Kdenlive ya ma video. Zimasewenza, koma mabatani ali pena, muyenera kuphunziranso. Ngati simungakwanitse sabata ziwiri zophunzira, sungani Windows pambali kapena khalani pomwe muli.

Koma ngati nchito yanu ndi kulemba, intaneti, WhatsApp Web, YouTube, mafilimu, ma assignment ndi ma CV, simutaya kanthu. Mwana wa sukulu ku Vubwi amene wapatsidwa laputopu yakale ya achimwene ake safunika kudikira ndalama ya yatsopano.

Nanga ukwati uja? Msuweni anagona usiku uwiri pa Mixxx. Loweruka anapita ku Sinda ndi mtima uli m'mwamba, ndipo anandiuza kuti nyimbo yolowera akwati inachedwa pang'ono chifukwa anasokoneza ma deck, koma anthu anavina mpaka jenereta inatha mafuta. Manje laputopu imayaka asanamalize kutsegula windo la kantemba. Wayambanso kabizinesi kena: anthu amabweretsa ma flash a shortcut, iye amawatsukira pa Linux n'kulipiritsa pang'ono. Aphunzitsi aja ndiwo amamutumizira anzawo.

Ine ndinalipira mlandu wanga. Ndinamugulira hard drive yakeyake, ndipo Lamlungu lililonse amakoperamo zonse. Nyimbo zitatu za mnyamata wina wa ku Sinda sitinazipeze mpaka lero. Ndinamufunafuna, ndinamupepesa pamaso, ndipo tinagwirizana kuti akajambulanso, ya studio ndilipira ndine. Oyimba achinyamata amene mukuwerenga, nyimbo yanu isakhale pa laputopu imodzi ya DJ. Itumizeni pa email yanu, isungeni pa Google Drive, patsani mlongo wanu kope.

Dzulo msuweni anandiimbira. Ati mnzake wa pa barbershop afuna Linux nayenso. Ndinati ndibwera pa Khirisimasi ndidzamuikire.

“Iyayi asuweni,” anatero. “Nizaika nekha. Imwe muzibwera chabe kudya nkhuku.”

Sabata ya mawa tibwerera ku za masiku onse. Pali woyimba wina amene akuti ali pa tour kunja, koma anthu amuona akugula tomato pa Soweto Market. Tidzakambirana.